Chifuwa chophwa mbali imodzi, koma nkhafi aigwira

Ku Chembe thupi silibisika.

Mukakhala pamchenga m'mamawa, nthawi imene mabwato akukocheza kuchokera kokapha usipa, mudzaona alovi akutsika malaya ali paphewa. Ena akukokera bwato kumtunda, ena akuthamanga ndi ndowa za nsomba kupita nazo kumathandala. Tianyamata tikudumphira m'madzi tili chibadwire, amayi akutsuka mapoto uku akusambitsa makanda poyera. M'mudzi umenewu, womwe uli m'dera la Mfumu Yaikulu Nankumba m'boma la Mangochi, munthu amakula mudzi wonse ukumuona chifuwa.

Ndiye taganizirani za mwana amene wabadwa mbali imodzi ya chifuwa ili yophwa, ngati wina adachita kuchekapo nyama. Mbali inayo ili bwinobwino. Kansonga ka bere ka mbali yophwayo n'kakang'ono, kakwera m'mwamba pang'ono, mwinanso palibiretu. Nthawi zina dzanja la mbali yomweyo limakhala lalifupi, tizala tating'onoting'ono, tina titamatirirana ngati phazi la bakha.

Achipatala vutoli amalitcha Poland syndrome. Pa Chichewa lilibe dzina, ndipo chinthu chopanda dzina pamudzi chimalandira maina ambirimbiri. Ena ati mwana walodzedwa. Ena ati mayi ake adadya zosayenera ali oyembekezera, kapena bambo adamusempha. Kunyanja kumamvekanso ina yopweteka kwambiri, yoti bambo adakhwimira mwana wake kuti ukonde uzidzaza.

Zonsezi ndi nkhambakamwa chabe. Koma zokambakambazo zikatha, m'nyumba mumatsala mafunso enieni. Bambo amafuna kudziwa ngati mwanayo adzagwire nkhafi ndi kukoka chilimira ngati anzake. Mayi, makamaka mwana akakhala wamkazi, amadzifunsa ngati adzakwatiwe ndi kuyamwitsa.

Kwa ana ambiri obadwa chonchi, yankho ndi lakuti inde. Kungoti yankholo limadalira kwambiri zomwe makolo achite ndi mkono wa mwanayo akadali wamng'ono, ndipo apa ndi pomwe pamalowa mafizo.

Ndi dzina la dotolo, osati la dziko

Vutoli silidachokere ku dziko la Poland monga ena angaganizire. Dzinali ndi la Alfred Poland, yemwe mu 1841, akuphunzira udotolo pachipatala cha Guy's mumzinda wa London, adapatsidwa mtembo wa mkaidi wina kuti aphunzirirepo m'mene thupi la munthu lilili mkati. Atatsegula pachifuwa adapeza kuti mbali imodzi kulibe minofu yomwe imayenera kukhalapo, ndipo zala za dzanja la mbali yomweyo zidali zomatirirana. Adalemba zomwe adaona, nkhani n'kugona.

Padatha zaka 121. Mu 1962 dotolo wina wa pachipatala chomwecho, Patrick Clarkson, adakumana ndi odwala omwe chifuwa ndi dzanja lawo zidali chimodzimodzi. Atafufuza m'mabuku akale adapeza lipoti lija, ndipo adalitcha vutoli dzina la Poland.

Tsono chomwe chimasowa kwenikweni n'chiyani? Tayesani izi pomwe mwakhalapo. Ikani dzanja lamanja m'chiuno ndipo mukanikize mwamphamvu. Ndi dzanja lamanzere gwirani kutsogolo kwa nkhwapa yakumanja. Nyama yomwe yalimbayo ndi mnofu waukulu wa pachifuwa, womwe achipatala amautcha pectoralis major. Ndi umene umakokera mkono kuthupi, kuupotokolera mkati, ndi kuthandiza munthu pokankha kapena pokumbatira chinthu.

Mnofuwu uli ndi zigawo ziwiri. China chimayambira pafupa lopingasa la m'munsi mwa khosi, china chachikulu chimayambira pafupa la pakati pa chifuwa ndi panthiti. Mwa ana a Poland syndrome, chachikuluchi ndi chomwe chimasowa, ndipo nthawi zambiri chaching'ono chija chimatsalako. Ena amasowanso kamnofu kena ka pansi pake, mafuta a pansi pa khungu amakhala ochepa, ndipo akakula tsitsi la m'khwapa limamera lochepa kapena osamera n'komwe. Ochepa okha ndiwo amakhalanso ndi nthiti zosakwana.

Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti gwero lake ndi kayendedwe ka magazi. Mimba ikakwana masabata 6, pomwe mwana ali ngati kanjere ka nandolo, mtsempha womwe umapititsa magazi kuchifuwa ndi kumkono wa mbali imodzi umalephera kupereka okwanira kwa kanthawi. Ziwalo zomwe zimaumbika nthawi imeneyo zimatsalira. Taonani nthawi yakeyo. Amayi ambiri pa masabata 6 amakhala asadadziwe n'komwe kuti aima. Palibe nsomba yomwe adadya molakwa, palibe mwambo womwe adaphwanya.

Kawirikawiri vutoli si la kumtundu, choncho mwana wotsatira amabadwa bwinobwino. Silopatsirana, silikula pomwe mwana akukula, ndipo silikhudza nzeru. Mwanayo m'kalasi akhoza kutenga nambala wani ngati wina aliyense.

Mabuku a zachipatala amati mwa ana 20,000 kapena 30,000 obadwa, mmodzi amakhala nalo. Limapezeka kwambiri mwa anyamata kuposa atsikana, ndipo nthawi zambiri mbali yakumanja. M'Malawi muno mumabadwa ana oposa 600,000 pachaka. Tikawerengetsa potengera chiwerengero cha m'mabukucho, ndiye kuti ana pakati pa 20 ndi 30 akhoza kumabadwa chonchi chaka chilichonse. Ndi ochepa moti namwino akhoza kugwira ntchito mpaka kupuma osaonako ngakhale mmodzi. Apa ndi pomwe pali vuto, chifukwa chinthu chomwe sunachionepo n'chovuta kuchitchula dzina.

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amazisokoneza ndi vutoli. Choyamba ndi poliyo, yemwe dziko lino lidakumbutsidwanso za iye mu February 2022 pomwe adapezeka mwa mwana wina ku Lilongwe patatha zaka 30 asadaoneke. Poliyo amabwera mwana atabadwa kale. Mwana yemwe amasewera bwinobwino akangofooka mwendo kapena mkono mwadzidzidzi, ameneyo ndi wothamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chachiwiri ndi kuvulala kwa mitsempha ya m'khosi pobadwa, mapewa akakakamira panjira. Mwana wotere mkono wake umangolendewera, saukweza. Wa Poland syndrome amaukweza ndi kuuponya uku ndi uku ngati khanda lililonse.

Makolo akangoona chifuwa chotere, ulendo woyamba ndi wa kuchipatala kuti adokotala aone zinthu zingapo kamodzi n'kamodzi. Amajambula X-ray kuti awerenge nthiti, amamvetsera mtima, ndipo amaona m'mene mwana akupumira. Ngati mbali yophwayo imalowa mkati mwana akamakoka mpweya n'kutumphukira kunja akamalira, ndi chizindikiro choti nthiti zikusowa ndipo ameneyo afunika madotolo a opareshoni. Mwa ana ochepa pamakhalanso vuto la impso kapena kufooka kwa minofu ya kumaso. Zikapezeka kuti zonsezi zili bwino, ndiye kuti ntchito yaikulu yotsala ndi ya pakhomo.

Mnofu sumera, koma anzake amagawana ntchito

Tiyambe ndi choonadi chowawa. Mnofu womwe mwana sadabadwe nawo sumera. Palibe mafizo, jakisoni, mphini kapena mafuta opaka omwe angaubweretse. Wina akakuuzani kuti ali ndi mankhwala odzazira chifuwa, dziwani kuti akufuna ndalama zanu za usipa.

Nanga mafizo ndi a chiyani? Phewa la munthu siliyendetsedwa ndi mnofu umodzi. Pali minofu ya pamwamba pa phewa, ya pafupa lakumbuyo la phewa, komanso mnofu waukulu wotambalala wa kumsana wotchedwa latissimus dorsi, womwe umayambira cha m'chiuno kukathera kumkono. Umodzi ukasowa, inayo imagawana ntchito yake, monga zimakhalira pabwato mnzawo mmodzi akadwala. Ntchito ya dotolo wa mafizo ndi kuonetsetsa kuti minofu yotsalayo yalimba, phewa likuzungulira mbali zonse, ndipo msana sukupindikira mbali imodzi.

Apa pali nkhani yabwino kwa anthu a kunyanja. Tamuonetsetsani munthu akupalasa bwato kapena akukoka chingwe cha khoka. Mphamvu yokokera imachokera kumsana, m'chiuno ndi m'miyendo. Chifuwa chimathandiza ndithu, makamaka dzanja la pamwamba likamakankha nkhafi, koma mwini ntchito ndi msana. Zomwe zimavutako mwana wa Poland syndrome ndi zokankha ndi zokumbatira, monga kukankha bwato lomwe lakakamira mumchenga, kunyamula thumba la ufa pachifuwa, kapena kuponya mwala patali ndi mkono wa mbali imeneyo. Ngakhale zimenezi ambiri amazichita, kungoti mkonowo umafulumira kutopa.

Choopsa chenicheni, m'mene ndikuonera ine, ndi chifundo cha makolo. Mayi akaona kuti mbali ina ya mwana ndi yoperewera, amaiteteza. Kadzanja kakang'onoko amakakulunga m'nsalu kuti anthu asakaone. Chidole amachipereka kudzanja labwinolo. Mwana akayamba kukwawa, agogo amathamangira kumunyamula poopa kuti apweteka. Mwana naye amaphunzira msanga kuti mkono uwu sitigwiritsa ntchito. Pofika zaka 5 mkonowo wafookadi ndipo phewa lauma, pomwe mnofu wosowa uja paokha sukadamufikitsa pamenepo. Akulu adati m'mera mpoyamba.

Choncho mafizo a khanda ndi masewera. Masana mwana ali maso, mugonekeni chafufumimba pamphasa kwa kanthawi inu mukumuyang'anira, kuti adzitukule ndi mikono yonse iwiri. Usiku pogona agone chagada monga anamwino amalangizira. Chidole, supuni kapena chigubu chokhala ndi timiyala mkati ikani kumbali yophwayo kuti atambasule mkono umenewo. Pomubereka, mikono yonse itulukeko m'chitenje nthawi zina. Pomuyamwitsa ndi pomunyamula m'chiuno muzisinthasintha mbali. Ndipo akayamba kukwawa, msiyeni akwawe mpaka mawondo ade, chifukwa palibe chomwe chimalimbitsa mapewa a mwana kuposa kukwawa.

Akasinkhuka, zida za mafizo zili pakhomo pomwepo. Kuumba ng'ombe zadongo kumalimbitsa zala. Kutola njere za bawo, kutong'ola chimanga, kumanga mabatani a malaya ndi kupinda mawaya a galimoto kumaphunzitsa kadzanja kakang'ono kugwira zinthu, bola wamkulu akhale pafupi kuti njere zisalowe mkamwa kapena m'mphuno. Atsikana ali ndi phada ndi fulaye, masewera omwe amafuna kuponya ndi kuwakha. Chofunika ndi kumukumbutsa kuti ayesenso ndi dzanja linalo, osamukalipira akagwetsa.

Kwa wa msinkhu wa kusukulu, a mafizo amakonda zinthu ngati izi: kuima chopenya khoma n'kumakweza zala pang'onopang'ono mpaka mkono utawongoka, kukankha khoma ndi manja onse awiri, ndi kukoka mphira. Chubu chakale cha njinga chomangirira pamzati wa khonde chimagwira ntchito yomwe m'zipatala za m'tauni amagwiritsa malamba odula. Mwana amakoka zigongono kumbuyo ngati akufuna kuti mafupa a mapewa akumane pamsana, amawerenga mpaka 5, n'kumasula. Kangati patsiku komanso mphamvu yake, zimenezo anene ndi dotolo wa mafizo atamuona mwanayo, chifukwa ana sasowa zofanana. Kufufuma mabaluni kumathandiza kuti chifuwa chizitambasuka popuma. Chikwama cha mabuku chikhale cha zingwe ziwiri, ndipo ndowa ya pamutu ayambe ndi yaing'ono.

Pali kayezedwe kena kosavuta komwe kholo lingachite miyezi ingapo iliyonse. Mwana avule malaya, aphatikize mapazi, awerame ngati akufuna kugwira zala za kumapazi. Inu imani kumbuyo kwake. Mukaona kuti mbali imodzi ya msana yatukuka kuposa inzake, kamuonetseni kuchipatala, chifukwa msana ukayamba kupindika umathamanga kwambiri pa nthawi yotha msinkhu.

Nanga nyanja? Madotolo a mafizo kulikonse amayamikira kusambira chifukwa madzi amanyamula thupi kwinaku akulimbitsa mapewa ndi msana mbali zonse. M'maiko ena makolo amalipira ndalama kuti mwana alowe m'dziwe losambiramo, pomwe mwana wa ku Chembe ali nalo kuseri kwa nyumba. Koma tisanamizane, nyanja ya pa Cape Maclear imadziwikanso ndi likodzo. Kuuza mwana wa pano kuti asalowe m'madzi n'kutaya mawu chabe. Chanzeru ndi kuonetsetsa kuti akulandira mankhwala a praziquantel akamagawidwa kusukulu, kupita naye kuchipatala akangoona magazi mumkodzo, komanso kusamulola kusambira yekha kapena mwera ukamawomba. Yemwe nthiti zake n'zosakwana afunse kaye adokotala za mpira wa miyendo ndi masewera ogundana, popeza pamalo pamenepo mapapo alibe chotchinga cholimba.

Wina akakayikabe, amve za Jérôme Thomas wa ku France. Iyeyu adabadwa ndi Poland syndrome, wopanda mnofu wa pachifuwa chakumanzere ndipo dzanja lakumanzere lili laling'ono. Masewera omwe adasankha ndi nkhonya. Adapata mendulo ya bronze pa mpikisano wa Olympics ku Sydney mu 2000, adakhala katswiri wa dziko lonse mu 2001, ndipo mu 2004 ku Athens adatenga mendulo ya siliva. Ngati mkono wotere udafika pa Olympics, kuwoloka pa Chembe kupita ku Thumbi si nkhani.

Opareshoni ndi tsiku limodzi, mafizo ndi miyezi

Ana omwe zala zawo zidamatirirana amafunika opareshoni yozilekanitsa. Madotolo amakonda kuichita mwana akadali wamng'ono, nthawi zambiri m'zaka ziwiri zoyambirira, kuti dzanja liphunzire kugwira zinthu zala zili padera. Nthawi zina amatenga kakhungu pamalo ena a thupi n'kuika pakati pa zalazo. Ngati zala zambiri zidamatirirana, opareshoni imachitika kangapo, osati tsiku limodzi lokha.

Pambuyo pa opareshoni ndi pomwe mabanja ambiri amagwa ulesi, pomwe ntchito ndiye yayamba kumene. Chipsera chimakhala ndi khalidwe lokoka khungu. Popanda kuchisisita ndi mafuta bala likapola, kuvala kothandizira kuwongola zala komwe achipatala amapereka, ndi kupindapinda zalazo tsiku ndi tsiku, zimauma kapena khungu limakwereranso pakati pake. Zikatero ulendo wonse uja wapita pachabe.

Ulendowo si wapafupi. Khomo loyamba kwa munthu wa ku Chembe ndi chipatala cha pamudzi pomwepo cha Billy Riordan, chomwe chidatsegulidwa mu 2004. Adachiyambitsa ndi mayi Mags Riordan a ku Ireland pokumbukira mwana wawo Billy yemwe adamira m'nyanjayi mu 1999. Kuchoka apo ndi kukwera mapiri kupita ku Monkey Bay, makilomita pafupifupi 20, kenaka ku chipatala cha boma ku Mangochi, ena oposa 60. Akatswiri a maopareshoni a ana ali ku Blantyre, makilomita oposa 250 kuchokera pamchenga wa Chembe. Kumeneko kuli chipatala cha Beit CURE chomwe chidatsegulidwa mu 2002 ndipo chimadziwika ndi kuthandiza ana a mavuto a mafupa ndi ziwalo, kuli Queen Elizabeth komwe mu 2017 kudatsegulidwa chipatala cha maopareshoni a ana cha Mercy James, komanso kuli malo a mafizo a Kachere.

Chodabwitsa n'chakuti maopareshoni adafika ku Chembe kusadafike kwina konse m'dziko muno. Amishoni a Livingstonia adayamba kumanga pa Cape Maclear mu 1875, ndipo mbiri imati mu 1876 Dr Robert Laws adachita opareshoni pamalo pomwepa atagoneka wodwala ndi mankhwala a chloroform. Amishoniwo adasamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawasautsa, n'kusiya manda omwe alendo amakaona mpaka lero.

Ngakhale chithandizo chitakhala chaulere, njinga yamoto, matola ndi minibasi sizaulere. Mayi akachoka, usipa pathandala ulibe woutembenuza, ana ena alibe wowaphikira. Opareshoni banja likhoza kuisonkhera kamodzi. Kubwererabwerera kukachita mafizo ndi komwe kumathyola msana.

Nawonso a mafizo m'dziko muno adachedwa kuchuluka. Kwa zaka zambiri ntchitoyi idasenzedwa ndi bungwe la MAP, lomwe lidayamba mu 1979 ngati Malawi Against Polio kenaka n'kukhala Malawi Against Physical Disabilities. Ku Kachere kudaphunzitsidwa othandizira pa ntchito za mafizo omwe ambiri adapita kukagwira m'zipatala za m'maboma. Koma digiri ya mafizo idayamba kuphunzitsidwa m'Malawi mu 2010 ku College of Medicine, yomwe mu 2021 idalowa mu yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences. Izi zisadachitike, wofuna digiriyi ankayenera kupita kunja. Zinthu zasinthako, koma ambiri mwa akatswiriwa amapezeka m'zipatala zikuluzikulu, osati m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja.

N'chifukwa chake banja la ku Chembe liyenera kupita kwa dotolo wa mafizo ngati wopita kusukulu. Musangopereka mwana n'kukhala pabenchi kudikira. Nenani mwaulemu kuti, "Adokotala, tandionetsani ndi manja anu, kenaka ndichite ine mukuona." Pemphani kuti akujambulireni papepala, kapena mujambule pafoni ngati alola. Funsani zomwe zingakuchenjezeni kuti mubwerere msanga. Ndipo ngati n'kotheka apite awiri, chifukwa kunyumba mwana amakhalanso ndi agogo ndi azakhali, omwe akapanda kumvetsa adzamuletsa zomwe adokotala alamula.

Sindikhulupirira kuti vuto la ana 20 kapena 30 pachaka lidzakhala ndi pologalamu yakeyake ku unduna wa zaumoyo, ndipo mwina sikofunika. Chomwe chingathandize ndi chaching'ono. Namwino wa kuchikuta ndi mlangizi wa zaumoyo wa kusikelo azimuvula mwana n'kumuyang'ana chifuwa ndi manja mbali zonse ziwiri, ndipo akaona kusiyana amutumize kutsogolo m'malo mongoti adzadzaza akamakula. Lamulo la anthu aulumali la 2024, lomwe lidasintha bungwe la MACOHA kukhala MACODA, limakamba za ufulu wa chithandizo. Kwa mwana wa ku Chembe ufuluwo umayambira pa munthu womuyang'ana bwino pa tsiku la sikelo.

Mtsikana akatha msinkhu

Si onse amadziwika ali makanda. Mwana wonenepa yemwe dzanja lake lili bwino akhoza kukula popanda wozindikira kanthu. Kwa atsikana ambiri nkhani imaululika pa zaka 11 kapena 13, bere limodzi likayamba kumera linzake osaoneka, kapena likamera laling'ono kwambiri.

Apa ndi pomwe pamapweteka, ndipo si m'thupi. Msungwana yemwe dzulo ankasamba ndi anzake kudooko la amayi amayamba kusamba usiku kubafa. Amavala juzi dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Amayenda chowerama, phewa limodzi atalikokera kutsogolo, buku atalikumbatira pachifuwa. Ku netiboli amasiya. Za kuchinamwali, komwe thupi limaonedwa ndi anamkungwi ndi anzake, zimamusowetsa tulo. Anyamata nawo zimawagwera, makamaka kuno komwe mwamuna wovala malaya pokoka ukonde amafunsidwa chomwe akubisa.

Kuwerama kumeneku kumabweretsa mavuto omwe mnofu wosowa sudabweretse: kuuma kwa khosi, kuwawa kwa msana ndi phewa lotsika. Dotolo wa mafizo akhoza kuphunzitsa kaimidwe kabwino, koma palibe mphira wa njinga womwe ungawongole mwana wamanyazi ngati kunyumba akumunena. Mayi kapena azakhali akhale naye pansi, amuuze dzina la vutoli ndi kuti si tsoka. Anamkungwi auzidwiretu mwachinsinsi. Telala wa pamsika akhoza kusokerera kansalu kofewa mkati mwa kamisolo kuti chovala chikhale mofanana, chinthu chotsika mtengo chomwe chimabweza msungwana m'kalasi.

Za kubereka, vutoli silikhudza chiberekero. Za kuyamwitsa, bere limodzi labwino limakwanitsa kulera mwana, popeza mkaka umapangika molingana ndi m'mene mwana akuyamwira. Amayi a mapasa ndi mboni, aliyense wa anawo amakhuta ndi bere limodzi.

Maopareshoni okonza maonekedwe a chifuwa alipo, ndipo madotolo amadikira kuti thupi lithe kukula. Ena amaika chodzazira cha silicone, ena amatenga mafuta pamimba kapena m'ntchafu n'kudzaza pophwapo, ena amasuntha mnofu wa kumsana uja n'kuubweretsa kutsogolo. Ndi maopareshoni odula ndipo madotolo ake m'dziko muno ndi owerengeka. Komanso munthu wa kunyanja aganize kawiri za njira yachitatuyo. Mnofu womwe amausunthawo ndi uja tati ndi mwini ntchito pokoka nkhafi ndi ukonde. Kwa wogwira ntchito mu ofesi ku London kusinthanitsako kukhoza kukhala kwabwino. Kwa msodzi wa ku Chembe ndi kugulitsa injini kuti upente bwato, ndipo ayenera kuwauza adokotala ntchito yomwe amagwira asadavomere.

Pomaliza ulendo woyamba wa kuchipatala, pemphani adokotala alembe mawu awiri aja, Poland syndrome, m'kabuku ka kuchipatala ka mwanayo ndi zilembo zooneka bwino. Alembenso mbali yomwe yakhudzidwa, ngati nthiti zili zokwana, ndi tsiku lobwereranso. Kabukuko kakulungeni m'pepala la pulasitiki, chifukwa kunyanja chilichonse chimanyowa. Namwino yemwe adzalandire mwanayo ku Monkey Bay zaka 10 zikubwerazi mwina adzakhala asadaonepo chifuwa chotere, ndipo adzayambira pa tsamba limenelo.